Miphika Yopendama Pansi pa Ulimba

Chisakasa chathu chinali pachitunda, kumtunda kwa doko la Nsanje, pamalo pamene madzi a Shire akasefukira ankafika n'kubwerera. Poyamba munkasungidwa thonje la wamalonda wina wochokera ku Sena. Njanji itafika thonje linayamba kudzera kwina, mwiniwakeyo anamwalira, ndipo mkazi wake, amene tonse tinkangoti adona, anatopa ndi kumva mileme ikulira m'nyumba yopanda kanthu. Anaitana anthu a ntchito zamanja kuti azigwiriramo. Kunabwera oluka mphasa, nkhalamba ziwiri zoomba nsalu za machila, osema mitondo ndi zipande, amayi oumba, ndi bambo mmodzi woimba ulimba.

Aliyense anali ndi malo ake okhala pansi, ndi mbali yake pathandala lalitali la kukhomo pamene tinkayala zinthu sitima yapamadzi ikafika. Dongo tinkakumba pamodzi, nkhuni zowotchera tinkatola pamodzi, ndipo masana tinkadya pamodzi chimene chapezeka, kaya mbatata, kaya nyika za m'dambo, kaya mlamba wowamba. Koma malo anali ochepa, ndipo lamulo la adona linali limodzi lokha: amene alibe chinthu chogwira ntchito asiyire mnzake malo.

Ine ndinalowamo kumbuyo kwa agogo anga, obereka amayi. Amayi anamwalira ndisanadziwe nkhope yawo, ndipo abambo anatsika ndi mabwato a katundu kunka kunyanja yamchere, osabweranso. Kwathu kwa Malemia kunalibe mwamuna wolima dimba. Tinkadya za m'manja mwa agogo, ndipo manjawo popanda chisakasa analibe pogwira.

Ndinali mtsikana wachete. Pakamwa panalibe chilema ayi, koma agogo ankayankhula zokwanira anthu awiri, ndipo ine ndinkapeza kuti palibe chotsala. Ndinkasinja mapale, kuponda dongo, kusalaza miphika ndi nkhulungo, maso ali ponseponse. Ambiri m'chisakasamo anakhala nane zaka ziwiri akuyesa kuti sindimva n'komwe, moti ankanena miseche yawo ndili pomwepo ngati ndine mtondo.

Agogo pa nthawi yawo anali mmisiri weniweni, ndipo mitsuko yawo inkafunsidwa mpaka ku Chiromo. Koma maso anayamba kuchita ng'ala, dzanja lamanja linayamba kulemera, ndipo miphika inayamba kupendama. Kulimba inali yolimba. Ukaigogoda inkalira bwino kuposa ya wina aliyense. Kungoti khosi linkapita kwake mimba kwake, ngati munthu amene akusuzumira pampanda wa mnzake. Agogo sanavomerepo tsiku ndi limodzi lomwe. Lero ankati pansi m'chisakasamo ndi popendama, mawa ankati dongo la chaka chino ndi laulesi. Koma chifukwa chimene ankachikonda koposa chinali ulimba. Ankati mphika wauwisi uli ndi makutu, ndipo yawo ikuthawa phokoso. N'zoona kuti yonse inkapendamira kukhomo, kutali ndi ngodya ya woimbayo. Ine ndinkaona kuti dzanja lamanja lija ndilo linkakankhira kumeneko, koma palibe anandifunsa.

Woimbayo anali Msena wamfupi wadazi, mkazi wake anamwalira kalekale, ndipo mano akutsogolo anatsatira. Agogo akamunena, iye ankayankha kuti miphika sikuthawa koma ikuvina utse, ndipo ikuvina bwino kuposa mwiniwake. Agogo ankati Msena akasowa chochita amamenya nkhuni n'kumati ndi ntchito. Ankatero kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Komabe aliyense ankadziwa kuti bamboyo sitingamutaye. Sitima ikaima padoko, apaulendo sankaona chisakasa chifukwa cha mitengo ya migwalangwa. Ulimba ndiwo unkawakoka kukwera chitunda, ndipo akafika ankapeza thandala likuwadikira.

Chaka chimene ndikunenachi madzi anasefukira kwambiri. Ataphwa, sitima yoyamba isanabwere, adona anaika tsiku loyesa zinthu monga mwa chaka ndi chaka. Woyesa miphika anali mayi wina wamtali wa kwa Mbenje, amene agogo omwewo anamuphunzitsa kuumba ali kamtsikana, ndipo tsikulo anafika thukuta lili kamukamu. Anatereka mphika wa agogo pamafuwa n'kuthiramo madzi. Madziwo asanafike n'komwe pakhosi anatulukira mbali imodzi n'kunyowetsa mapazi a adona. Agogo anati mafuwa ndi opendama. Anawatembenuza, anawasinthanitsa, mphika uli chipendamire. Potsiriza anatuma munthu kukatenga mafuwa a kukhitchini kwa adona eniake. Madzi anatayikanso. Agogo anapukusa mutu mwachisoni nati sankadziwa kuti adona akhala akuphikira popendama zaka zonsezi.

Anthu anaseka, koma adona sanaseke. Kunja, patsinde pa mulambe, kunali mayi wachitsikana wa kwa Ndamera, mwana kumsana, amene anakhala akuumbira padzuwa nyengo ziwiri podikira malo. Adona anamuyang'ana, kenako anayang'ana agogo.

"Mayi, ndimakulemekezani," anatero. "Koma sitima yoyamba ikadzalira padoko, ndikufuna ndione chinthu chanu chikugwira ntchito muno. Chikasowa, malo mumusiyire mwana uyo."

Tsiku limenelo agogo anayenda njira yonse ya kwa Malemia osatsegula pakamwa. Tinali achete awiri, ndipo ndinachita mantha kuposa mmene ndinachitira ndi madzi osefukira.

Miphika yonse ya agogo inakanidwa, ndipo tinaiunjika kumbuyo, pafupi ndi ngodya ya ulimba, poti ndi kokha kunali malo. Umodzi unagona chammbali, ndipo thadzi la adona linalowamo n'kuikira mazira.

Naye woimba anali ndi tsoka lake. Ulimba ndi matabwa oyalidwa pamzere, aakulu mbali ino aang'ono mbali iyo, ndipo pansi pa lililonse pamakhala chipanda chokuza mawu. Pachipandapo amaboola kabowo n'kumatapo mvema, kansalu koyera kamene kangaude amafunditsa mazira ake, kuti mawu azinjenjemera. Tsono makoswe othawa madzi anakwera chitunda chathu onse, ndipo anapeza zipanda za bamboyo. Anasiya makoko okhaokha. Zipanda zatsopano zinali zikadali zaziwisi m'munda, zosati n'kuuma mpaka nyengo yozizira itapita. Bamboyo ankayesabe kuimba tsiku ndi tsiku, koma zinkamveka ngati mayi akuwaza nkhuni kuseri kwa nyumba. Agogo, pakamwa patatsegukanso, anati chiyambire sanaimbepo bwino chonchi. Enawo sanaseke, chifukwa mawu otere sakanafika n'komwe kumigwalangwa.

Ine ndinkayang'ana thadzi lija. Bamboyo akamenya matabwa ena, nkhuku inkangokhala phee pamazira ake. Akamenya lachitatu kuchokera kwa aakulu, inkatumphuka mumphikamo ikutetera ngati yaponda moto. Woimbayo ankati tsopano ngakhale nkhuku zagwirizana ndi agogo ndi Amang'anja anzawo. Tsiku lachitatu ndinasendera n'kuika khutu pamimba pa mphikawo. Unkalira. Thabwa likamenyedwa uko, mphika unkayankha kuno ndi mawu akuya ogwedeza mano.

Akuluakulu sakanaziona zimenezi, chifukwa m'chisakasamo munali miyambo iwiri imene palibe ankaiseweretsa. Mwamuna sankakhudza mphika umene sunatuluke kukhomo, kuopa kuti yonse yowotchedwa pambuyo pake ingasweke pamoto. Mkazi naye sankakhudza ulimba, kuopa kuti ungafe mawu. Choncho miphika ndi matabwa zinakhala zaka moyandikana ngati apongozi, kuonana koma osapatsana moni. Ine ndinaganiza usiku wonse ngati ndine mkazi. Ndinali ndisanavinidwe, ndipo ndinagamula ndekha kuti ndikadali pakati.

Mawa lake masana anthu atapita kukadya patsinde pa mulambe, woimba atatsikira kumtsinje kukasamba, ndinasamutsira mazira mulichero. Thadzi linandijompha kawiri padzanja. Ndinakankha mphikawo mpaka pansi pa thabwa lachitatu, ndikusamala kuti chala chisakhudze mtengo. Khosi lopendama lija linalambalala mwendo wa ulimba n'kukaima pansi pa thabwa ngati linachita kuyezedwa. Ndinagwetsa kamphasa kamene bamboyo ankatchingira nkhuku, ndipo ndinabwerera pamapale anga.

Bamboyo anabwera akupukuta dazi, anakhala pansi, anayamba kuwaza nkhuni zake. Atafika pathabwa lachitatu, chisakasa chonse chinalira ngati mvuu yalowamo. Tindodo tinagwa m'manja. Anatolanso kamodzi, anamenya mwamantha, ndipo mvuu inayankhanso. Pamenepo anagwada. Anauza anthu amene ankathamangira kudzaona kuti ndi amalume ake, amene anamuphunzitsa kuimba ndipo anagona kalekale ku Sena, abwera kudzamumvera chisoni. Anapempha ufa wa mapira, anauthira pansi patsogolo pa thabwalo, anaomba m'manja, nayamba kuyankhula nawo m'Chisena. Anathokoza nthawi yaitali. Kenako anayamba kupepesa za mbuzi ina ya amalumewo imene iye anauza abale kuti inagwidwa ndi ng'ona, nkhani imene palibe aliyense wa ife ankaidziwa. Nkhalamba zoomba machila zinagwada naye. Adona, amene sankasiyana ndi kolona, anachita chizindikiro cha mtanda, komabe anavula nsapato n'kuima patali.

Agogo anafika pomaliza, akutafunabe mbatata. Anapendeketsa mutu nati bamboyo amenyenso. Anamenya.

"Amalume anuwo ndinawaumba ine," anatero agogo. "Dongo lake ndi la kudambo la kumunsi, ndipo pakhosi pali chala changa."

Anatukula kamphasa ndi ndodo yawo. Mphika unali pomwepo, nthenga za nkhuku zili pakamwa.

Kuseka kunali kochepa, chifukwa mawa lake amayi onse anali ndi miphika yowotcha. Agogo anati Msena waba. Mayi wamtali uja anati kuba n'kochepa, vuto ndi lakuti wakhudza, ndipo ntchito ya mwezi wathunthu iphulika pamoto. Bamboyo ankangokana m'Chisena kuti nkhabe, nkhabe, ufa uli m'maondo, koma amene anali atangoulula yekha za mbuzi sakanakhulupiriridwa msanga. Adona anavalanso nsapato nati ngati wakhudzadi, atenge matabwa ake azipita. Ndinaona bamboyo akuyang'ana kukhomo, ndinaona thandala lodzaza mphasa ndi mitsuko imene sipadzakhala woikwerera chitunda, ndipo ndinaimirira.

"Ndaika ndine, mayi."

Mmodzi wa oluka mphasa anafunsa mnzake chapansipansi ngati mawuwo achokeranso mumphika. Mayi wina, amene ankakonda kunena za mwamuna wa mnzake ndikusinja mapale pambali pake, anandiyandikira nandifunsa mwaulemu kuti ndakhala ndikumva kuyambira liti. Ndinati kuyambira kale. Masana amenewo anthu angapo anandipatsa mbatata zawo.

Woimba, atapulumuka, anakumbukira kukwiya. Anati mkazi wakhudza ulimba wake. Ndinamuonetsa mmene ndinakankhira, ndipo ndinati ngati wafa mawu amenye timve. Adona anafunsa kaye za mazira awo, ndipo atawaona mulichero anakhala pampando n'kuuza bamboyo kuti amenye thabwa lija katatu. Anamvetsera, anayang'ana mulu wa miphika yokanidwa, anayang'ana matabwa otsalawo. Kenako anauza agogo kuti chinthu chawo chogwira ntchito chaoneka, chatsala n'kuti chikwane matabwa onse sitima isanalire.

Agogo anakana. Anati iwo amaumbira madzi, mowa ndi ndiwo, osati phokoso. Bamboyo, posadziwa pokhala chete, anawonjezera kuti mphika uliwonse ufunika kubooledwa pambali kuti amatepo mvema. Agogo anakhala pansi. Anati moyo wawo wonse akhala akulimbana ndi mabowo, amayi awo analimbana ndi mabowo, ndiye lero Msena wopanda mano akuwapempha bowo ngati akupempha fodya.

Anakana masiku awiri. Usiku sindinawachonderere, poti sindinkadziwa kuchonderera. Tsiku lachitatu mayi wa kwa Ndamera uja analowa kudzamwa madzi, ndipo maso ake anayeza malo a agogo kuchokera kukhoma mpaka kunsanamira. Agogo ng'ala anali nayo, koma zimenezo anaziona. Anatuma ine, poti tsopano ndinali wotumika, kuti ndikauze bamboyo, amene anali mapazi asanu okha kuchokera pamene tinakhala, kuti avomera ngati iye anene pamaso pa onse kuti miphika yawo si yopendama. Bamboyo anaimirira, anayeretsa kukhosi, manja kumbuyo.

"Miphika yanu si yopendama, mayi. Munkaumbira ulimba, kungoti ife tinachedwa kuzindikira."

Agogo anati iwo ankadziwa kuyambira kale.

Ntchito yake inali yachilendo. Iye sakanakhudza mphika, iwo sakanakhudza thabwa, choncho zonse zinkadzera mwa ine. Bamboyo ankamenya thabwa, agogo ankagogoda miphika ya pamulu umodziumodzi mpaka atapeza umene ukuyankha, ine n'kuukankhira pansi. Akasiyana maganizo, ndipo ankasiyana pa thabwa lililonse, ndinkakhala pakati ndi mphika m'manja mpaka atatopa. Mabowo ndinkaboola ndi msomali ndi madzi, pang'onopang'ono, agogo atatembenukira kukhoma akununkhiza fodya wawo kuti adzathe kulumbira kuti sanaone. Mvema ndinkakatenga ndekha kudenga, n'kumata ndi phula bamboyo akundilangiza manja ali m'khwapa kuti angaiwale.

Matabwa aang'ono anasowa miphika yake, ndipo agogo anayenera kuumba ina. Pofuna kuonetsa kuti sakuthawanso phokoso, anaganiza zopendamitsa woyambawo dala kuti uloze kungodya ya ulimba. Anakankhira kumeneko, dzanja lamanja linakankhira kwake, ndipo panatuluka mphika wowongoka bwinobwino, woyamba pa zaka ziwiri. Mayi wamtali anauona ali patali natsegula pakamwa. Agogo anaupapasa, anatsonya, nati uwu ndiye wapendamadi, n'kuubwezera mudongo ndi chibakera chimodzi. Mayiyo anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mapale.

Sitima inalira m'mawa wina dzuwa litangoyamba kutentha. Bamboyo anakhala pansi ndi anzake awiri omuthandiza kuimba, analavulira m'manja, ndipo anayamba. Fumbi linagwa kudenga. Mawu ake sanali ngati a zipanda. Anali olemera, oyenda pansi, moti ndinkawamva m'mapazi ndisanawamve m'makutu. Apaulendo anakwera chitunda, ndipo nawo amalinyero, amene nthawi zonse ankatsala padoko, anakwera kudzaona. Wophika wa m'sitimamo anasuzumira pansi pa matabwa nafunsa ngati angagule mphika umodzi woimbawo. Agogo anamuuza kuti siigulitsidwa kwa anthu wamba. Pamene sitima inkanyamuka, thandala linali litapepuka, ndipo nkhalamba zoomba machila zinkavina utse molakwitsa pakhomo.

Madzulo ake adona anagamula. Mayi wa kwa Ndamera alowe, atenge malo a agogo ndi mbali yawo ya pathandala. Agogo asamukire kungodya ya ulimba, akhale woumbira woimba, dongo ndi nkhuni ndi chakudya chamasana zikhale monga kale. Ndinadikira mkuntho, poti kumeneku kunali kuwakhazika mphuno ndi mphuno ndi mdani wawo. Agogo anapondaponda pansi pangodyapo nati pomaliza apatsidwa malo osapendama, ndipo anandiuza kuti ndisamutse nkhulungo zawo.

Miphika ya pansi pa ulimba siikhalitsa. Imang'aluka ndi kugwedezeka, wina uno mwezi, wina mwezi winawo, choncho agogo sanasowe choumba. Chimene ndinkaopa ine chinali nyengo yozizira ikadzatha, zipanda za bamboyo zikadzauma. Zinaumadi, zazikulu bwino, ndinaziona ndi maso anga zili pamwamba pa tsindwi la nyumba yake. Koma m'mawa wina anafika m'chisakasa nkhope ili khwinyi, nauza onse kuti makoswe amalizanso. Chaka chotsatira anamalizanso. Anamaliza chaka ndi chaka, ngakhale zaka zimene madzi sanasefukire n'komwe, mpaka agogo anagona.

Ine ndinkamuona bamboyo akutsikira padoko ndi thumba lopepuka lolira gobedegobede, n'kulipereka kwa opalasa mwadiya kuti akapatse mlongo wake kutsidya, azitungira madzi. Tsiku lina anandipeza ndikumuyang'ana. Anaima, thumba lili paphewa, ndipo tinayang'anana. Kenako anapitirira, inenso ndinapitiriza ulendo wanga wokatunga.

Agogo chaka chilichonse akamva za makoswe ankauza chisakasa chonse kuti munthu wamkulu wolephera kusunga zipanda sayenera kusiyidwa yekha, ndipo kukanakhala kopanda iwo bwenzi akuwaza nkhuni mpaka lero. Bamboyo ankawerama, dazi lili ng'aning'ani, n'kuthokoza m'Chisena kuti takhuta, mayi. Akatero agogo ankandiuza kuti ndiponde dongo.